Inde Uja Unayankha pa Foni

Nsaru,
Loweruka masana.

Tadala, mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde la sitolo ya a Jafali, pamalo anga a masiku onse. Lero ndauza makasitomala kuti sindisoka. Makina ndawapindira m'kati mwa tebulo lake kuti ndipeze polembera, ndiye ukaona zilembo zina zikukwera chitunda, dziwa kuti ndi thabwa lija losalingana. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Blantyre kukayamba ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Pa siteji padzadzaza abale, ndipo sindidzapeza mpata wonena zimene zili kukhosi kwanga. Pakamwa ine ndimabwereza mawu mpaka umatopa nane. Papepala ndibwerezanso, koma pepala ukhoza kulipinda n'kuliika m'chikwama ukatopa nalo.

Nkhani yanga ndi imodzi. Lachinayi lija bwana wako watsopano atakuimbira, ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikukonza khola la nkhuku. Sindinamvetsere mwadala, foni yako ija imalankhula mokweza. Mayiwo anakufunsa ngati umadziwa chida china chopangira mapulogalamu a m'mafoni, dzina lake lilime langa silingakwanitse. Iwe unayankha msangamsanga kuti, "Inde, madamu, ndimachidziwa bwino." Anasangalala, nanena kuti ndiye sabata yoyamba akupatsa gawo la ntchito imeneyo kuti uligwire wekha. Foni itaduka, chakudya chamasana sunachikhudze. Nditakufunsa unati, "Ababa, chinthucho ndinangochigwirako kamodzi ku koleji. Koma musadandaule, ndiphunzira m'basi." Unandiuzanso wekha kuti miyezi itatu yoyamba ndi yokuyesa, akapanda kukhutira akubweza. Kuyambira tsiku limenelo ulusi ukundivuta kulowetsa pa singano.

Sindikukudzudzula, Tadala. Ndikudziwa kumene inde ameneyu wachokera. Wachokera kuno kwathu, ndipo mbali ina wachokera kwa ine.

Taona mmene anthu akhala akulankhulira chimvekere kuti wapeza ntchito. Amalume ako a Gelesomu anabwera ndi foni yosweka galasi atakulunga m'mpango, amvekere, "Nabanda, poti ndiwe dokotala wa makompyuta, tangoitsitsimutsa iyi usanapite." Utawauza kuti iwe sukonza mafoni, anatembenukira kwa ine nati, "Alamu, ndiye mbuzi zonse zija munagulitsa zinakaphunzira chiyani?" Tonse tinaseka, nawenso unaseka, koma ndinaona kuti foniyo unailandira n'kunena kuti uyesa. Amayi a kutchalitchi akuti ntchito yako ndi yongokhala pa mpando wozungulira, kumadina mabatani, ndalama n'kumalowa zokha. Anyamata a kabaza akuti ukhoza kulowa m'banki uli chikhalire pa mphasa. Ngakhale a Jafali, munthu woganiza bwino chonchija, dzulo anati, "Mwana wanu uja mutu wake ndi kompyuta, palibe chimene sadziwa." Ine m'malo mowakonza ndinangomwetulira, chifukwa zinandikomera m'makutu. Munthu akamauzidwa tsiku ndi tsiku kuti amadziwa zonse, mawu akuti sindidziwa amayamba kumulemera ngati thumba la fetereza.

Koma ine ndinakuona ukugwira ntchitoyi. Chaka chatha, pamene unkapangira kalabu ya alimi a mtedza pulogalamu yolembera zokolola zawo, tebulo lako linali pafupi ndi pamene ndimasitira zovala. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, zimene unkalemba sindinkazimva, koma maso a telala amaona mmene munthu akugwirira ntchito. Zala zothamanga ngati za m'mafilimu zija sindinazione. Ndinaona munthu akuyang'ana mzere umodzi kuyambira nthawi ya tiyi mpaka dzuwa kufika pamutu, uku akudzikanda m'mutu. Ndinakuona ukufufuza pa intaneti, ukuwerenga zimene analemba anthu ena amene anakodwapo pamalo omwewo. Nditakufunsa ngati kumeneko si kubera mayeso, unaseka mpaka misozi, n'kunena kuti ngakhale akuluakulu a ntchitoyi amatero tsiku lililonse, palibe amene amasunga zonse m'mutu. Mawu amenewo ndi ako, mwana wanga, si anga. Ndiye ngati akuluakulu sachita manyazi pofunsa, iwe wadzulodzulo ukuopa chiyani?

Ndili mnyamata, ndikuphunzira utelala kwa a Saidi ku Namitete, kunabwera mphunzitsi wina ndi nsalu ya suti ya ukwati wake. Nkhaniyi ukuidziwa, amayi ako amaikonda akafuna kundiseka pamaso pa alendo, koma lero uimve ndi makutu ena. Linali Lachisanu, a Saidi akuthamangira ku mzikiti. Ali pakhomo anandifunsa kuti, "Kolala ya jekete umatha kudula?" Ndinali nditawaona akudula kambirimbiri, ndipo m'maso mwanga zinkaoneka zosavuta. Ndinati, "Inde, bwana." Anapita. Ine ndinajambula ndi choko, ndinagwira sizasi, ndipo mbali ziwiri za kolalayo ndinazidula zoyang'ana kumodzi, ngati nsapato ziwiri zakumanzere. Atabwerako sanakuwe. Anazitukula, naziyang'ana, nati, "Mwana iwe, ukanati sindidziwa, ndikanachedwako pang'ono n'kukuonetsa. Tsopano ndataya nsalu ya mwini wake, ndipo sindikudziwanso kuti pa ma inde ako onse woona ndi uti." Sanandithamangitse. Anandibwezera ku mabatani ndi mipendero kufikira mvula ina itagwa. Ndikanena kuti ndimatha kuika zipi, ankabwera kudzaimirira kumbuyo kwanga. Nsalu inagulidwa ina sabata yomweyo, koma kuti andikhulupirirenso zinatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzira kolalayo.

Ndaganiza kwambiri za mayi uja, bwana wako, ngakhale ndangomva mawu ake okha. Akudziwa kuti watuluka ku koleji posachedwapa. Anaona pulogalamu ya alimi ija, ndi imene inamukopa, unatero wekha. Sindikhulupirira kuti m'miyezi itatuyi akufuna kuona ngati umadziwa zida zonse za padziko, chifukwa unandiuza kuti zidazo zimasintha ngati masitayelo a madiresi, chimene chili pamwamba chaka chino chaka chamawa anthu achiiwala. Ine ndikuganiza kuti akufuna kuona ngati mawu ako ndi oti munthu angatsamirepo. Munthu wosadziwa amaphunzitsika. Koma amene amati inde pa chilichonse amatopetsa, chifukwa umayenera kupita kukaona wekha nthawi zonse. Ukakhala chete, mayiyo akonza ntchito za anzako onse modalira kuti gawo lako lili m'manja odziwa. Zikadzaululika pakati pa mwezi, sipadzakhalanso nsalu yako yokha yowonongeka.

Matelala tili ndi matenda amodzi, dzina lake mubwere mawa. Ine ndinadwala matendawa zaka zambiri. Chaka china amayi a kwaya ya ku Kabudula anandibweretsera nsalu ya yunifolomu kuti avale pa Pasaka. Sindinatsegule n'komwe mpukutuwo kuti ndione kuti nsaluyo ndi yoterera, yofuna kusoka pang'onopang'ono. Sindinaganizenso za mayunifolomu a ana asukulu amene anali ataunjikana kale pansi pa tebulo. Ndinangoona nkhope zawo zoyembekezera, ndinati, "Masabata awiri zatha." Mtsogoleri wawo, mayi wamtali wosaopa munthu, anapalasa njinga kubwera kuno kangapo, ulendo uliwonse ine n'kumati mawa. Ulendo womaliza anatsamiritsa njinga pa chipilala apa, nati pamaso pa anthu onse a pamsika, "A telala, kodi mawa lanuli limakhala mudzi uti? Tiuzeni tikalipeze konko." Tsiku la Pasaka theka la kwaya linaimba ndi zovala zakunyumba, ena mabulauzi atawagwira ndi mapini. Pambuyo pake mayiyo anandiuza kuti, "Mukanati mwezi, tikanadikira, kapena tikanagawa nsalu kwa matelala awiri. Chotipweteka n'chakuti munatilanda mpata woganiza."

Ndikukuuza zimenezi chifukwa matendawa ndinakupatsira. Ndinakumva ukuuza tcheyamani wa kalabu ya alimi kuti, "Lachisanu zitheka," ndipo Lachisanu lija linabereka anzake. Si ulesi, ndinaona ndi maso anga. Poyamba bamboyo anati zokolola zilembedwe m'ndowa. Utamaliza anati ayi, ogula amafuna makilo. Utasintha anakumbukira kuti mamembala ena amalimanso soya. Anthu amati ntchito yako ndi yokhala wekha ndi makina osalankhula ndi munthu, koma ine ndinaona kuti theka la nthawi yako linkathera kufunsa anthu kuti akufuna chiyani kwenikweni, iwonso asakudziwa. Kwa ife n'chimodzimodzi. Munthu amati ndisokereni ngati ya mnzanga uja, ukasoka akuti koma ya mnzanga ili ndi matumba. Choncho akakufunsa kuti ntchito itenga nthawi yaitali bwanji, usayankhe uli chiimire. Unene kuti ndiione kaye. Utsegule mpukutu, uyeze, ufunse za matumba usanadule. Ndipo ukaona kuti tsiku limene unalonjeza silikwanika, unene likadali kutali, osati m'mawa wa tsikulo. Ndabwereza eti? Ndibwerezanso: unene likadali kutali.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku Mpingu ndi thalauzi yakale yoti ndimukulitsire m'chiuno. Nditayamba kupasula msoko ndinapeza zinthu zosokonekera, ulusi wodutsana, mbali ina nsalu yochuluka, mbali ina yoperewera. Ndinakweza mawu kuti anzanga a pakhonde amve, ndinati, "Amene anasoka izi anali telala kapena wosoka ziguduli za fodya?" Bamboyo anandiyang'ana modekha nati, "Ndi inu nomwe, a telala. Munali ndi kamwana kakakazi kakukwawa pansi pa makina." Kamwanako unali iwe. Nditayang'ana m'kati ndinapeza mfundo yanga, mmene ine ndekha ndimamangira ulusi pomaliza. Ndipo atayimirira ndinakumbukira chifukwa chake mbali ina inali ndi nsalu yambiri: bamboyo chiuno chake n'chopendekeka, anavulala ali mwana. Msoko wokhota uja ndi umene unkachititsa kuti thalauzi iwoneke yowongoka akavala.

Unandiuza kuti kumene ukupita ntchito yambiri siidzakhala yopanga zinthu zatsopano monga anthu akuganizira kuno, koma yokonza mapulogalamu akale amene analemba anthu ena, ena mwa iwo anachoka kalekale. Unanena nkhope itagwa, ngati akuchepetsa. Mwana wanga, nyumba imene unakuliramo inamangidwa ndi zigamba ndi mazipi, masuti anali a apo ndi apo. Ukatsegula ntchito ya mnzako n'kupeza zokhotakhota, usafulumire kunyoza, ndipo usafulumire kupasula zonse kuti usoke mwako. Funsa kaye chifukwa chake anakhotetsa. Mwina amene analemba wakhala pampando woyandikana nawe. Mwinanso pakapita zaka udzapeza kuti ndi mfundo yako. Unanenanso kuti chilichonse chimene ulemba anzako adzachiwerenga n'kuloza zolakwika chisanagwiritsidwe ntchito. Ndikukudziwa, ukadzudzulidwa umakhala chete masiku awiri ngati amayi ako. Usatenge zimenezo ngati chipongwe. Ine ndikanakhala ndi munthu wondiyang'anira ndisanagwire sizasi, nsalu zambiri za eni ake zikanapulumuka.

Ndikudziwanso mantha ena amene uli nawo, ndipo mwina ndi amene anakukankha kuti uyankhe mofulumira chonchija. Unandiuza kuti kwabwera makompyuta amene amalemba okha mapulogalamu munthu akangowauza, ndipo anzako ena akuti ongoyamba kumene ngati iwe sadzafunikanso. Kaunjika atadzaza pamsika pano, ife tinauzidwa zomwezo. Ine ndinachita mantha, ndinavundikira makina n'kupita kukalima fodya kwa msuweni wanga ku Nambuma, ntchito imene sindinkaidziwa. Ndinabwerako wowonda, wopanda kanthu. Ndinapeza anzanga amene anatsala ali otanganidwa kuposa kale, chifukwa chovala cha kaunjika sichidziwa thupi la munthu wa ku Nsaru. Wina akufuna kupungula, wina kufupikitsa manja, wina kusintha zipi. Ntchito inasintha, ena inawathera ndithu, sindikubisa. Sindikudziwa ngati zanu zidzayenda chimodzimodzi, ndipo sindingakunamize kuti ndikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mantha anandipititsa kumunda wa fodya, ndipo iwe akukupititsa ku inde wabodza. Zonse ziwiri ndi kuthawa.

Zina ndi zazing'ono, koma undilole. Anthu akuti ntchito yokhala pansi siitopetsa. Afunse msana wanga. Uzidzuka pa mpando, uziyenda pang'ono, uziyang'ana kutali kuti maso apume. Vuto likakukanika, usaliumirire uli ndi njala. Kangati kodi kuno unapeza yankho uli kumjigo ndi ndowa, n'kubwera ukuthamanga madzi akutayikira? Uzidya. Mtedza wokazinga amayi ako aika m'chigubu chobiriwira, chiponde chili m'botolo lokulungidwa ndi pulasitiki ziwiri, ndaonetsetsa ndekha kuti chivundikiro chathina. Jekete yako yakuda ndalimbitsa mabatani onse, ndipo lina lapadera ndalisokera m'kati kumunsi kwa thumba lakumanja. Chaja ya laputopu uike m'chikwama cha m'manja, osati m'chikwama chopita pansi pa basi.

Za abale usadere nkhawa. Adzakuimbira, ena ofuna kuti uwakonzere mafoni, ena oganiza kuti mwezi woyamba womwewo wagula kale galimoto. Ine ndikudziwa kuti malipiro a woyamba kumene amathera pa lendi ndi minibasi. Uziwayankha mwaulemu kuti sizitheka, ndipo akalimbikira uwatumize kwa ine. Kuno ndiyamba kukonza zimene ndinawononga ndi kumwetulira kwanga. Aliyense wonena kuti mwana wa telala amadziwa zonse ndizimuuza kuti ayi, mwana wanga akuphunzira ntchito, ndipo ntchito yake ndi yophunzira mpaka kukalamba.

Tsopano Lolemba. Ndaliganizira tsikuli mbali zonse monga ndimachitira ndi nsalu yodula mtengo. Ufike msanga. Usadikire kuti akupatse kaye ntchitoyo, usadikire kuti mukhale pagulu, ndipo usadikire kuti uone ngati mwina uikwanitsa mwakachetechete. Mukangopatsana moni ndi bwana wako, upemphe kulankhula nawo pambali. Mawu ake safuna kukometsera. Unene kuti, "Madamu, Lachinayi ndinayankha mofulumira chifukwa cha mantha. Chida chija ndinangochigwirako pang'ono. Ndikufuna kuchiphunzira, ndipo ndimaphunzira msanga, koma sabata yoyamba ndifunika wondiyang'anira." Ukatero ukhale chete, usawonjezere zifukwa zambiri, uwasiye ayankhe. Mawu ako adzanjenjemera, asiye anjenjemere. M'basi uwerenge ndithu za chidacho ngati mutu sukupweteka, zidzakuthandiza, koma usadzinamize kuti msewu wa ku Blantyre ungakuphunzitse zimene anzako anaphunzira miyezi.

Sindingakulonjeze kuti adzamwetulira. Mwina adzakhumudwa. Mwina adzakupatsa ntchito zazing'ono kwa kanthawi, za mabatani ndi mipendero ya kumeneko. Ulandire, uzigwire bwino. Mwinanso adzati sitingapitirize nawe. Zimenezinso ndaziyang'ana. Zikatero, Tadala, ukwere basi ubwere. Usazungulire m'tauni kuopa maso a anthu a pamsika pano. Pakamwa pa amalume ako ndidzathana napo ine. Tebulo lako sindilichotsa, alimi a soya akufunsa kale ngati nawonso ungawapangire pulogalamu yawo, ndipo makampani si amodzi. Ndingakonde kulandira mwana amene wabwezedwa atanena zoona kusiyana ndi kumva mawu ako pa foni mwezi wamawa ukuti zonse zili bwino, ine ndikumva kuti sukudya.

Amayi ako sindinawauze kanthu. Nkhaniyi ndi yako, udzawauza wekha ukafuna. Kusankhanso ndi kwako. Wakula, ndipo pa ntchito imeneyi ukudziwa zambiri zimene ine sindidzazidziwa mpaka kufa. Ine ndangokupatsa zimene ndinatola pakhonde pano.

Ndikudzidziwa mmene ndilili. Lolemba likadzacha ndidzafuna kukuimbira usanafike n'komwe pa geti, kukufunsa ngati wanena, ndipo ukadzapanda kuyankha ndidzaimbanso, mpaka udzalowe mu ofesi ya anthu ndi nkhawa ziwiri, yako ndi yanga. Choncho ndapempha a Jafali kuti tsiku limenelo atsekere foni yanga m'kabati ya m'sitolo mpaka madzulo, ndipo ngakhale ndiwachonderere asandipatse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nafunsa ngati ndayamba kudwala mutu. Ndinati ayi, ndikuphunzira kudikira. Koma ndawauza chinthu chimodzi: ikalira, dzina n'kukhala lako, andipatse nthawi yomweyo, ngakhale ali pakati poyeza shuga wa kasitomala.

Uyende bwino, Nabanda. Mulungu akutsogolere pa msewu ndi pakhomo la ofesiyo.

Ndine bambo ako.